Phunziro la Mapiri ku Sukulu ya Pamitondo

Uphunzitsi ndinauyamba mu Okutobala 1994, ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Chaka chimenecho boma latsopano linalengeza kuti pulayimale ikhala yaulere, ndipo ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Aphunzitsi anachepa. Ife amene tinali titangokhala kumudzi ndi masatifiketi a Fomu 4 m'masutikesi tinaitanidwa, anatiphunzitsa masabata awiri okha, basi n'kutipatsa makalata otitumiza kumasukulu. Ine Esitele Mvula, wa kwa Zulu, kalata yanga inati ndipite ku Pamitondo, kasukulu ka kuseri kwa Mkanda, pakati pa maesiteti a fodya.

Malume anga anandiperekeza pa njinga ziwiri, matiresi ndi ndowa titamanga pakaliyala. Tinapeza buloko imodzi ya njerwa zootcha, zisakasa zitatu za udzu zimene makolo anali atangomanga, ndi mitengo ya mitondo imene inapatsa sukuluyo dzina. Belu linali chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pa nthambi. Kunena zoona, nditaona malowo ndinafuna kubwerera ndi malume tsiku lomwelo. Koma lero, nditaphunzitsa masukulu anayi, ina ya magetsi ndi mipope, ndikakhala pansi n'kumaganiza za ntchito yanga mtima umathamangira ku Pamitondo. Ndimakumbuka ana akuimba pamzere m'mawa miyendo ili yonyowa ndi mame, ndi fungo la fodya wouma limene linkabwera ndi mphepo m'mwezi wa Epulo mpaka kulowa m'makope.

Ahedi anandipatsa Sitandade 6, ana 96 m'chisakasa chimodzi. Theka anali ana a m'midzi yozungulira. Theka linalo anali ana a matenanti, amene makolo awo anabwera pa malole kuchokera ku maboma akutali kudzalima fodya. Ana amenewa ankakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo anzawo ankawaseka malankhulidwe. Ankabwera chaka chino, chaka chamawa osawaonanso.

Masamu ndi Chichewa ndinkaphunzitsa bwinobwino. Chimene chinkandiopsa chinali jogalafe. Ine pa nthawiyo ndinali ndisanapitirireko Lilongwe. Nyanja, mtsinje wa Shire, phiri la Mulanje, zonsezi ndinkangozidziwa mayina. Kalasi yonse inali ndi buku limodzi lopanda chikuto, ndipo ndinkaligwira ngati ndodo ya wakhungu. Ndinkakopera manotsi a Chingerezi pa bolodi, ana n'kukopera m'makope, n'kuwerenga mokweza tonse pamodzi, ine n'kumasulira pang'ono m'Chichewa. Pomaliza ndinkafunsa ngati pali funso, koma nkhope yanga inkawauziratu kuti asayerekeze.

Pasukulupo panali mphunzitsi wachikulire, a Kefasi Sakala, wachiwiri kwa ahedi. Anayamba ntchito Mchinji ikutchedwabe Fort Manning, ndipo jogalafe anali ataiphunzitsa zaka makumi atatu. Anali munthu wowonda, wa tayi tsiku lililonse, ndipo pokwera njinga ankamanga miyendo ya buluku ndi malegeni. Mapu a Malawi pasukulu yonse anali amodzi okha, akale a nsalu, ndipo iwo ankawasunga kunyumba kwawo chifukwa ku ofesi kunali chiswe. Ine ankanditcha a Namvula. Kangapo konse anandiuza kuti ndikafuna thandizo ndiwafunse, koma ndinkachita manyazi. Ndinkaganiza kuti ndikafunsa adzadziwa kuti sindikudziwa kanthu, ngati kuti sankadziwa kale.

Tsiku lina mu Febuluwale, mvula ikudontha m'chisakasa, ndinkaphunzitsa za ubwino wa mapiri. Ndinalemba pa bolodi monga buku linanenera: mapiri amabweretsa mvula, mitsinje imayambira m'mapiri, timapezako matabwa monga mkungudza wa ku Mulanje, ndiponso alendo akunja amabwera kudzaona. Nditafunsa funso langa la masiku onse lija, dzanja linakwera kumbuyo kwenikweni. Anali Luwiza Mulepa, mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi zitatu, mwana wa tenanti wochokera ku Phalombe, komwe masiku amenewo kunali m'boma la Mulanje. Chiyambire chaka anali asanalankhulepo m'kalasi.

Anaimirira n'kunena motsitsa mawu. "Madamu, mwalemba zabwino zokhazokha. Phiri limaphanso anthu. Kwathu linagumuka, linatsika ndi madzi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Kunadutsa Napolo."

Atangotchula Napolo anyamata akutsogolo anaphulika kuseka. Wina dzina lake Limbani anayamba kulira ngati njoka uku akupinda dzanja, poti tonse tinakula tikumva kuti Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri. Phokoso linakula, ndipo ine mantha anandigwira kuti ahedi amva kuti kalasi yandilaka. Ndinayang'ana m'buku, munalibe mawu ngakhale amodzi a phiri logumuka. Ndiye ndinawauza ana kuti Napolo ndi nthano chabe, kuti madzi sangathe kunyamula mwala waukulu ngati nyumba, kuti ngakhale Bua akadzadza amangotenga zipika ndi mbuzi.

Luwiza sanakhale pansi. Anati anaona ndi maso ake.

Apo ndinapsa mtima. Ndinamuitanira kutsogolo n'kumuuza kuti anene katatu pamaso pa anzake kuti Napolo ndi nthano. Anaima pafupi ndi bolodi, atayang'ana pansi, milomo itatsekeka. Ndinabwereza. Ndinamenya tebulo ndi ndodo. Iye anangotembenuka, n'kukatenga kajumbo kake ka makope, n'kutuluka mvula ikugwa. Ndinauza kalasi kuti mwana wamwano amatero, ndipo tinapitiriza kuwerenga manotsi.

Mawa lake sanabwere, mkuja sanabwere. Sizinandidabwitse, chifukwa mwezi umenewo ndi wothyola fodya ndipo ana ambiri a matenanti ankajomba. Ndinkangolemba m'kaundula kuti palibe. Panapita masabata awiri.

Lachinayi lina titaweruka, a Sakala anandiitana. Anali pansi pa mtondo akumata chubu cha njinga yawo, beseni la madzi lili pambali. Nkhani ya Luwiza anali ataimva kwa ana. Anandifunsa, osandiyang'ana, ngati ndinamvapo pa wailesi zimene zinachitika ku Phalombe mu Malichi 1991. Ndinati ndinamva kuti kunasefukira madzi, nthawi imeneyo ndili Fomu 1, koma m'mutu mwanga ndinkaona madzi odzadza m'dambo ngati kwathu kuno. Iwo anati ayi, phiri la Michesi linagumukadi, midzi inakwiririka ndi miyala, ndipo anthu ambiri anafa. Anati Luwiza anamulemba m'kaundula ndi iwo, ndipo bambo ake tsiku limenelo anawauza kuti anali ndi ana aakazi awiri, koma wamng'onoyo anapita ndi madzi amenewo, ngakhale mtembo wake sanaupeze.

Ndinakhala pansi pa muzu wa mtengo. A Sakala sanandikalipire. Anapopa chubu, n'kuchiviika m'madzi kuona ngati chikutulutsabe mpweya, kenako anati: "A Namvula, buku lija analemba munthu mmodzi, mwinanso atakhala mu ofesi. M'kalasi mwanumo muli ana a maboma oposa khumi. Inu ndi ine tilibe mapu okwanira, koma tili ndi anthu amene anaponda malowo. Safunsa anadya phula."

Ndinawafunsa kuti ndichite chiyani. Anati Loweruka andiperekeza ku esiteti.

Tinanyamuka m'mawa. Njira inkadutsa pakati pa minda ya fodya wotalika kuposa munthu, ndipo m'malo ena tinkatsika n'kukankha njinga m'matope. Nyumba za matenanti zinali timisasa ta udzu tondandalikana m'mphepete mwa munda, kanyumba kalikonse ndi chigafa chake chopachikamo fodya. Banja la a Mulepa tinalipeza m'chigafa. Mayi ake a Luwiza, a Stelia, anakhala pansi atatambasula miyendo, akusoka masamba, manja ali bii ndi phula la fodya. Luwiza ankapachika osokedwawo pa mikangala, mitengo yoyanikapo fodya. Atationa anazemba n'kupita kuseri.

Bambo ake, a Jailosi, anabwera kuchokera m'munda atasenza mtolo wa masamba. Anavula chipewa, anatipatsa kampando kamodzi ndi chipika, ndipo tisananene chimene tabwerera anayamba kupepesa. Anati anamva kuti mwana wawo anachita mwano kwa aphunzitsi, anamudzudzula kale, ndipo ntchito ikachepa amutumiza kudzagwada. Kupepesa kwa bambo ameneyo kunandiwawa kuposa akanandilalatira. Ndinawadula mawu n'kuwauza kuti wolakwa ndine, kuti mwana ananena zoona ndipo ine ndinamutsutsa chifukwa chosadziwa. A Jailosi anayang'ana kwa a Sakala ngati akufunsa ngati zoterezi zimaloledwa.

A Stelia nthawi yonseyi sanasiye kusoka. Anafotokoza pang'ono chabe, maso ali pa singano. Anati wamng'onoyo anali Tabeth, wa zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa wa tsiku la ngoziyo pothawa iwo anabereka kumsana mwana wawo wamwamuna wakhanda, ndipo Luwiza ndiye anagwira dzanja la mng'ono wake. Tabeth anamufunafuna masabata awiri m'matope ndi m'miyala. Munda wawo unasanduka miyala yokhayokha, anakhala m'matenti miyezi yambiri, mpaka kunabwera lole yofuna anthu okalima fodya.

Kenako anakweza maso n'kundiyang'ana koyamba. "Mwanayu chichitikire zimenezo sanakambepo za tsikulo, ngakhale kwa ine mayi ake. Anakakamba kwa inu, Madamu."

Ndinapempha kuti amuitane mwanayo. Luwiza anabwera n'kugwada chapatali, monga mwana amachitira. Ndinasuntha pampando paja n'kukhala pansi pafupi naye, ndipo ndinamuuza kuti ndinalakwa, andikhululukire, ndiponso malo ake m'kalasi akumudikira. Anangoti wamva. Pochoka a Stelia anatimangira chimanga chachiwisi chisanu ndi chimodzi, chimene iwo ankachitcha mondokwa, ife kwathu kuno timati dowe. A Sakala anaseka n'kunena kuti phunziro layamba kale.

Lolemba Luwiza anabwera. Ndisanalembe chilichonse pa bolodi ndinauza kalasi kuti tsiku lija ndinanena zabodza, phiri linagumukadi ku Phalombe, ndipo Luwiza analipo. Ana anandiyang'ana modabwa, poti anali asanamvepo mphunzitsi akubweza mawu ake. Ndinkaopa kuti kuyambira pamenepo andiderera, koma sizinatero.

Tsiku lomwelo a Sakala anabwera ndi mapu awo a nsalu n'kuwapachika pa mtengo. Tinatulutsa ana panja, n'kumafunsa mmodzimmodzi kwawo, iye n'kukaloza pa mapu. Ambiri sankadziwa kuti kwawo kuli pati, ndipo akakupeza ankabwerera akumwetulira ngati apatsidwa kanthu. Tinawerenga maboma khumi ndi atatu. Ana a m'midzi yathu anadabwa kuona kuti Mchinji ili m'mbali mwenimweni mwa dziko, pafupi kugwera ku Zambia, ndiponso kuti Luwiza pobwera kuno anayenda ulendo wotalika kuposa wa ku Lilongwe kanayi.

Ndi a Sakala amene anaganiza zoti Lachisanu lililonse masana tiziitana kholo limodzi kudzakamba za kwawo. Ahedi poyamba anakayika. Anati silabasi ndi yaitali ndipo oyendera sukulu akadzapeza tenanti patsogolo pa kalasi sadzamvetsa. A Sakala anawayankha kuti oyendera sukulu sanafikeko ku Pamitondo chiyambire mvula, ndipo akadzafika adzawapatsa mpando nawonso amvere. Tinayamba mu Epulo, fodya atatha kuthyoledwa.

Woyamba kubwera anali a Vitus, mlonda wa pa esiteti, amene anakulira pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa. Anafika atavala jekete lobwereka, thukuta lili kamukamu chifukwa cha mantha. Koma atayamba kufotokoza za matemba ndi mabwato oyenda ndi nsungwi anaiwala zonse, mpaka anavula jeketelo. Anatiuza kuti ali mnyamata nyanjayo inaphwa yonse, anthu n'kumayenda pansi kuchokera pachilumba kupita kumtunda, nthaka itang'ambikang'ambika. Ana anatembenuka kundiyang'ana kuti nditsutsa kapena ayi. Ndinawauza kuti alembe. Sabata ina kunabwera mayi wa ku Thyolo amene anatisonyeza kathyoledwe ka tiyi pa nthambi za gwafa, dengu lili kumsana, manja onse awiri akuthamanga mpaka ana kuwomba m'manja. Kunabweranso bambo wa ku Karonga wa Chichewa chovuta kumva, amene anakamba za mpunga ola lathunthu, ana ena mpaka kuwodzera. Ine ndinkakhala kumbuyo ndi kope langa, kulemba ngati mwana wasukulu. Madzulo ake ndinkapita kwa a Sakala, iwo n'kundithandiza kulumikiza zimene tamva ndi zimene silabasi inkafuna. Jogalafe yanga yeniyeni ndinaiphunzira pa khonde limenelo, akazi awo akutikazingira mtedza.

A Stelia ndinawaitana kawiri kudzera mwa Luwiza, ndipo kawiri konse anakana. Anati iwo sukulu sanaiponde, akanena chiyani pamaso pa ana odziwa Chingerezi. Sindinawakakamize, ndipo mumtima ndinkaona kuti mwina ndinalakwanso powaitana.

Lachisanu lina mu Juni, kukuzizira, tilibe mlendo aliyense, ana okhala kukhomo anayamba kunong'onezana. Nditasuzumira panja ndinaona a Stelia ataima pansi pa mtondo, atavala chitenje cha kutchalitchi, pamutu atasenza ndowa yothirira mbewu ya ku nazale. Anandipatsa moni n'kunena kuti mabelo awo omaliza a fodya apita kukagulitsidwa ku okushoni, tsono apeza mpata. Anati kuyankhula sadziwa, koma ngati ana angawaunjikire dothi akhoza kuwasonyeza.

Tinatuluka tonse. Anyamata anatenga makasu a kumunda wa sukulu n'kuunjika mulu wofika m'chiuno. A Stelia anaukonza ndi manja awo, mbali imodzi yotsetsereka kwambiri. Pamwamba ndi m'mbali anakwiriramo miyala, ina ngati nkhonya, ina ngati mutu wa mwana. Munsi mwake anazika timitengo n'kunena kuti izi ndi nyumba. Luwiza ndi atsikana anzake anapita kuchitsime kukatunga madzi. A Sakala anasiya kalasi yawo ya Sitandade 8 n'kubwera nayo yonse, ndipo ahedi nawo anaima chapatali manja ali kumbuyo.

A Stelia anayamba kuthira madzi pamwamba pa muluwo pang'onopang'ono. Anati mvula yake sinali yamkuntho, inali yongogwa osaleka, usana ndi usiku, masiku angapo. Ndowa yoyamba inatha, dothi linangomwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Ana anayamba kusuntha miyendo, ena kuyasamula. Iwo sanafulumire. Anati anthunso kumudzi ankangoti ndi mvula ya Malichi, ileka. Ali mkati mothira anafotokoza kuti choyamba chinali phokoso, ngati malole ambiri akubwera pamodzi, pomwe kumeneko kulibe msewu. Kenako fungo la matope. Atatuluka panja anaona mitengo ikutsika phiri ili choimirira.

Pa ndowa yachisanu mbali yotsetsereka ija inang'ambika, n'kutsika yonse nthawi imodzi. Miyala inagubuduka pamodzi ndi matope n'kukwirira timitengo tija, mwala wina n'kukaima pa phazi la mwana amene anali kutsogolo. Palibe anaseka. A Stelia anaika ndowa pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

Limbani, yemwe uja analira ngati njoka, anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu ngati iwo anamuona Napoloyo.

"Njoka sindinaione, mwanawe," anatero a Stelia. "Ena akuti anaiona, ndipo sindingawatsutse, poti tsiku limenelo aliyense anaona zake. Ine ndinaona miyala."

Anawerama kuti asonyeze pamene panali nyumba yawo, n'kuloza kudzanja lamanja la matope aja. Apo Luwiza anasuntha pakati pa anzake n'kugwada pambali pa mayi ake. Anati ayi amayi, mtsinje unali uku, tchalitchi apa, nyumba yathu inali pamwamba pang'ono. Anatola kamtengo n'kukazika. Kenako ndi chala anajambula njira imene anathawira, kudutsa kuseri kwa khola, kulowera ku chulu chachikulu kumene anthu anakwera. Chalacho chinaima pakati pa njira. Anati Tabeth anatsalira pamenepa. Mayi ake anamugwira paphewa, ndipo anakhala choncho awiriwo, ife tonse titaima mozungulira.

A Sakala ndi amene anayamba kulankhula. Anathokoza a Stelia monga amathokozera mphunzitsi mnzawo, n'kufunsa ana kuti n'chifukwa chiyani mulu unapirira ndowa zinayi koma n'kugwa pa yachisanu, ndiponso chifukwa chiyani inagwa mbali iyi osati inayo. Manja anakwera ambiri. Wina anati dothi linakhuta madzi n'kulemera, wina anati mbaliyo inali yoimirira. Mtsikana wina wa m'mudzi anafunsa ngati mizu ya mitengo ikanathandiza, ndipo anakambirana mpaka belu linalira, osafuna kubalalika. Ine ndinaperekeza a Stelia mpaka pa mphambano, nditawanyamulira ndowa yawo. Panjira anandifunsa ngati mwana wawoyo ali ndi mutu wa sukulu. Ndinati ali nawo, ndipo ndinanena zoona, chifukwa pa mayeso a kumapeto kwa chaka anakhala nambala 4.

Sukulu titatsekera mu Julayi, banja la a Mulepa linasamuka. Mbale wawo wina anawapezera malo pa esiteti ina ku Kasungu, kumene ankati nthaka ndi yabwinoko. Ine ndinali nditapita kwathu kwa Zulu kutchuthi, ndiye sitinatsanzikane. Nditabwerera ndinapeza kalata yosamutsira mwana ataipereka kale ahedi, ndipo m'kamsasa kawo muli banja lina.

Malachisanu athu anapitirira zaka zitatu. Kenako ine ndinayamba kupita ku koleji pa tchuthi kukamaliza maphunziro a uphunzitsi, jogalafe inaphatikizidwa ndi maphunziro ena n'kukhala sosho, ndipo kunabwera ahedi atsopano okonda ndandanda ya nthawi. A Sakala anapuma pa ntchito mu 1997, maso atayamba kuchita khungu, n'kubwerera kumudzi kwawo kufupi ndi Mkanda. Mapu a nsalu anasiyira sukulu.

Chakumayambiriro kwa 1998 ndinalandira kalata imene inayenda miyezi iwiri, envelopu itada ndi manja a anthu. Inali ya Luwiza. Analemba m'Chingerezi ndime yoyamba, kenako n'kupitiriza m'Chichewa. Anati anakhoza Sitandade 8 ndipo ayamba Fomu 1 pasukulu ina yoyendera, ulendo wa maola awiri wapansi. Bambo ake ankadwaladwala chifuwa, mayi ake ali bwino ndipo akupereka moni. Kumeneko kulibe phiri lalikulu pafupi, anatero, ndiye mvula ikamagwa amagona tulo. Pomaliza anapempha kuti ndikapereke moni kwa a Sakala.

Loweruka lotsatira ndinakwera njinga kupita kwawo. Ndinawapeza atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, atavala tayi ngakhale analibe kopita. Anandizindikira mawu ndisanatsike n'komwe. Ndinawawerengera kalatayo, ndipo anati ndibwereze. Nditamaliza kachiwiri anafunsa kuti esitetiyo ili mbali iti ya Kasungu, pafupi ndi mtsinje uti. Ndinayang'ana tsamba lonse ndi kuseri komwe, koma panali nambala ya bokosi la positi yokha. Anapukusa mutu n'kunena kuti mwana wa jogalafe salemba kalata osatchula mtsinje, ndimuyankhe ndipo ndimufunse.

Ndinamuyankha sabata yomweyo, n'kuikamo funso lawo ndi sitampa ina yoti adzagwiritse ntchito. Yankho silinabwere. Ndinalembanso patapita miyezi inayi, ndipo kalatayo inabwerera itadindidwa kuti mwini wake sakudziwika. Mwina anali atasamukanso, monga matenanti ankachitira. A Sakala anamwalira mu 2001, m'nyengo yokolola mtedza. Nthawi zonse ndikapita kukawaona ankandifunsa ngati mtsikana wa ku Phalombe uja anayankha, ndipo ine ndinkati ayi bambo, sanayankhebe.